Phala la Malambe Lopanda Shuga



Ku maiko ozizira amaphika mapesi owawasa a chomera chotchedwa rhubarb, nadya atatha chakudya. Kuchigwa kwathu kuno nkotentha, sichingachite bwino. Koma tili ndi malambe, owawasanso chimodzimodzi, amene timangogulitsa kwa apaulendo pamseu wa ku Salima.

Kakonzedwe kake nkotere. Viikani makapu 2 a malambe m'madzi ofunda, mufikise, musefe njere. Phikani phala la mgaiwa. Likapsa phulani, ndipo thiranimo madzi a malambe aja. Musabwezerenso pamoto, pakuti moto umaononga vitamini C amene ali wochuluka m'malambe. M'malo mwa shuga, kanyiranimo nthochi 3 zakupsa bwino.

Amayi, shuga wambiri amaoletsa mano a ana athu, ndiponso nthenda ya shuga yafika m'midzi mwathu muno. Odwala nthendayi adye pang'ono, chifukwa nthochi ndi ufa nazonso zimakweza shuga m'magazi.

Tiyeni tikayese sabata yomwe ino, tikaphunzitsenso atsikana athu.