Dimba la pakhomo silimera ndi chindapusa

Mawu oyankhulidwa kwa alimi a m'makalabu ku Nsaru



Masiku ano pamisonkhano ya chitukuko tikumva mawu akuti pakhale lamulo loti khomo lililonse likhale ndi dimba la ndiwo zamasamba ndi mitengo ya zipatso, ndipo wolephera azilipira chindapusa. Nyumba ya Malamulo sinakhazikitse lamulo lotere, koma mfumu ndi anthu ake angathe kugwirizana za m'mudzi mwawo, ndipo lamulo la maboma aang'ono la 1998 limapatsa khonsolo mphamvu yopanga malamulo a m'dera lake. Choncho nkhaniyi ingatipeze pakhomo tsiku lililonse. Tiyeni tikambirane isanatipeze.

Cholinga chake sindikutsutsana nacho. Kafukufuku wa boma wa 2015 ndi 2016 anapeza kuti mwa ana 100 alionse osakwana zaka zisanu m'Malawi muno, 37 anali opinimbira. Bungwe loona zaumoyo padziko lonse la WHO limati munthu wamkulu azidya magalamu 400 a zipatso ndi ndiwo zamasamba patsiku. Nsima ndi nyemba zokha sizikwaniritsa magulu asanu ndi limodzi a zakudya aja. Chomwe ndikukana n'chakuti tiyambire pa chilango.

Funsani agogo za malimidwe. Mu 1946 boma la atsamunda linakhazikitsa lamulo losamalira zachilengedwe, ndipo alimi anakakamizidwa kuunda mizere yopingasa ndi kukumba migula yotchinga madzi. Wokana ankalipitsidwa kapena kutsekeredwa, ena mbewu zawo zinkazulidwa. Kuteteza nthaka kunali kwabwino ndithu, koma anthu anadana nako chifukwa kunabwera ndi mkwapulo, ndipo mlangizi anasanduka wapolisi. Mu 1953 Inkosi Gomani II ya ku Ntcheu inauza anthu ake kuti asamvere malamulowo, boma nkuichotsa paufumu. Ine ndagwirapo ntchito yaulangizi, ndipo ndikudziwa kuti mlimi amene akukuopa sakuuza vuto lake.

Tsono n'chifukwa chiyani makomo ambiri alibe dimba? Si ulesi ayi. Nthawi ya dzinja palibe amasowa nkhwani, bonongwe, chisoso kapena khwanya, ndipo amayi amafutsa mfutso osauzidwa ndi lamulo. Vuto limayamba mvula ikatha.

Choyamba ndi ziweto. Tikakolola timatayirira mbuzi, nkhumba ndi nkhuku. Ndikukumbukira mayi wina wamasiye amene ndinamuphunzitsa kufesa mpiru kuseri kwa nyumba. Anathirira masabata atatu ndi madzi osenza pamutu. Tsiku lomwe anapita kumaliro, mbuzi za mnzake zinaboola mpanda wa udzu nkumaliza zonse. Mwini mbuzi sanalipire kanthu. Kodi lamulo likabwera, wolipira chindapusa akhale mayi ameneyu?

Chachiwiri ndi madzi. Kuyambira Ogasiti mpaka Novembala zitsime zambiri zimaphwa, ndipo pamjigo pamakhala mzere wa ndowa. Ali ndi malo kudambo la Bua, Nambuma kapena Namitete ndi ochepa. Chachitatu ndi mbewu ndi mbande: mango omezanitsa, mapapaya, magwafa ndi malalanje zimafuna ndalama, ndipo mlangizi mmodzi amayendera mabanja oposa 1,000.

Kuno kwathu tinaona chomwe boma lingachite likafuna. Pulojekiti yotukula ulimi m'boma la Lilongwe, yomwe inayamba mu 1968 ndi ndalama za World Bank, inabweretsa misewu, mijigo, misika, ngongole ndi alangizi. Mphamvu zake zambiri zinapita ku chimanga, mtedza ndi fodya, ndipo anthu analima mbewuzo chifukwa zipangizo zinawafika. Ndiwo ndi zipatso zikapatsidwa chisamaliro chotero, nazo zidzalimidwa.

Komanso tisaiwale kuti gawo 13 la malamulo oyendetsera dziko lino limaika paboma udindo woonetsetsa kuti anthu onse akudya mokwanira. Udindo umenewu usatembenuzidwe kukhala ngongole ya mayi wosauka.

Ndiye mukapita ku komiti ya chitukuko ya m'mudzi ndi ya m'dera, kanenani zinthu zinayi izi. Poyamba, lamulo la m'mudzi liyambire pa ziweto: mbuzi zizikhala m'khola kapena pachingwe chaka chonse, ndipo ikadya dimba la wina mwini wake alipire. Kachiwiri, madzi otayika pamjigo uliwonse azithirira dimba la gulu, ndipo mafumu agawe malo kudambo kwa amasiye ndi achinyamata. Kachitatu, khonsolo iike ndalama za nazale ya zipatso m'dera la mlangizi aliyense, mbande zizifika mu Disembala nyengo yobzala mitengo ikamayamba. Kachinayi, okalamba, odwala ndi mabanja oyendetsedwa ndi ana asalipitsidwe, koma kalabu iwamangire mpanda.

Ifenso tili ndi mbali yathu. Madzi otsukira mbale ndi mpunga angasunge kamunda ka bonongwe pafupi ndi thandala. Mbewu ya luni ndi therere tingasunge tokha nkugawana. Membala aliyense abzale mitengo iwiri ya mapapaya mvula ikubwerayi, ndipo pamsonkhano wotsatira tidzawerengane. Tikatero tidzapita kukhonsolo tili ndi choonetsa.