Kodi Mafailo a pa Desikitopu Amalemetsa Kompyuta?

Nkhani yathu ya lero yacokera m'kalata ya mphunzitsi wina wa pa sukulu ya kufupi ndi Chipata, pa njira ya ku Chadiza. Iye akuti pa sukulu pao pali makompyuta atatu okha, ndipo imodzi imacedwa kwambiri kudzuka. Anzace anamuuza kuti colakwa ndi mafailo amene aunjikidwa pa desikitopu, motero afunsa ngati nkwabwino kuwafafaniza onse. Aphunzitsi, musafulumire. Mwina pakati pa mafailowo pali mamalikisi a ana a Giredi 7.

Desikitopu ndi malo aja amene mumaona pa galasi kompyuta ikangoyaka, pamene pali tizithunzi ting'onoting'ono. M'Cingerezi dzinali litanthauza pamwamba pa tebulo la mlembi. Kaonekedwe kotere kanadza ndi makina monga Xerox Star mu 1981 ndi Macintosh mu 1984, kuti munthu wamba asavutike kuloweza malamulo ambiri. Koma dzinalo limatinyenga, pakuti timaganiza kuti tebulo lodzaza liyenera kulemera.

Tiyeni tipite kumudzi. Cimanga ca caka conse cimakhala m'nkhokwe, koma amai akafuna kusinja amatapako pang'ono nathira mumtondo. Kompyuta nayonso iri ndi nkhokwe yace, ndiyo disiki, ndiponso mtondo wace, umene akatswiri amaucha RAM. Failo iri yonse imagona m'nkhokwe kufikira mutaitsegula. Pamenepo ndi pamene imalowa mumtondo. Tsono desikitopu ndi foda cabe ya m'nkhokwemo, yofanana ndi mafoda ena onse. Failo ya pa desikitopu siidya malo oposa amene ikadadya kwina, ndipo siikhala mumtondo ngati simunaitsegule.

Komabe anzace a mphunzitsi uja sananame kotheratu. Poyaka, kompyuta iyenera kujambula kacithunzi ka failo iri yonse ya pa desikitopu. Mafailo makumi awiri kapena atatu si kanthu. Akafika mazanamazana, makamaka zithunzi ndi mavidiyo, kompyuta yakale ya disiki yozungulira ikhoza kucedwako pang'ono. Ndati pang'ono.

Zolemetsa zenizeni ndi zina. Pali mapulogramu amene amadziyatsa okha kompyuta ikamadzuka, nadzaza mtondo inu musanayambe nchito. Pali disiki imene yatsala pang'ono kudzaza, kotero kuti kompyuta isowa potembenukira. Pali mavairasi obwera ndi fulashi imene yayenda m'makompyuta ambiri a m'tauni. Ndipo musaiwale fumbi. M'mwezi wa Okutobala, dzuwa likaswa mtengo kuno kum'mawa, fumbi limatseka timabowo ta mpweya, makina amatentha, ndipo amadzicepetsera okha liwiro kuti asapse.

Ngakhale ziri tero, ine sindikonda kuti nchito yofunika izikhala pa desikitopu, ndipo cifukwa canga si liwiro ai. Pa sukulu manja ambiri amagwira kompyuta imodzi, ndipo cimene ciri poyera mwana akhoza kucikokera m'bini mosadziwa. Cacikulu ndi ici: kompyuta ikafa, wokonza kawirikawiri amafafaniza cigawo ca C ca disiki kuti aikemo Windows yatsopano, ndipo mafailo a pa desikitopu amakhala m'cigawo comweco, pamodzi ndi a mu Documents. Ndinaona mphunzitsi wina atagwira kumutu, mayeso a temu yonse atapita motero. Cifukwa cace failo yofunika muikopere pa fulashi ya sukulu, ndipo fulashiyo izikhala kwa ahedi.

Nayi nchito ya sabata lino. Aphunzitsi, tengani wochi. Mwana mmodzi ayatse kompyuta, ena awerenge masekondi kufikira tizithunzi tonse taoneka, ndipo alembe nambalayo pa bolodi. Kenaka pangani foda imodzi ya giredi iri yonse mu Documents, musamutsiremo mafailo onse osafafanizako ngakhale imodzi. Zimitsani, yatsaninso, werenganinso. Citani katatu, pakuti kuyesa kamodzi sikukwanira. Mutilembere nambala zanu pamodzi ndi dzina la sukulu yanu, ndipo tidzaziwerenga pa wailesi. Tsalani bwino.