Moto wa Pamsasa M'nyengo ya Chilimwe ku America

Nkhani yathu lero ikuchokera kumadzulo kwa maiko a United States ndi Canada, kumene anthu amakonda kukamanga misasa m'nkhalango pa nthawi ya tchuthi, namasonkha moto madzulo kuti aziotha akucheza. Koma chilimwe chikafika pachimake, udzu ndi masamba a paini zitauma gwa, boma limaletsa moto woterewu.

Lamuloli silinangobwera. Mu Ogasiti 2013 moto unabuka m'nkhalango ya Stanislaus ku California, ndipo ofufuza anati unachokera pamoto umene mlenje wina anasonkha pa nthawi yoletsedwa. Moto umenewu, wotchedwa Rim Fire, unapsereza mahekitala oposa 100,000, nulowa m'nkhalango yotchuka ya Yosemite mpaka kuyandikira damu la Hetch Hetchy, limene mzinda wa San Francisco umamwako. Paja akuluakulu anati moto umapita kumene kwatsala tchire.

M'nkhalango za boma ku United States chiletso chimabwera pang'onopang'ono. Poyamba moto wa nkhuni umaloledwa pamisasa yokonzedwa yokha, m'mafuwa achitsulo amene aboma anaika. Kukaumirapo, moto uliwonse wa nkhuni kapena makala umaletsedwa. Zinthu zikafika poipa, nkhalango imatsekedwa, monga zinachitikira mu Seputembala 2020 pamene nkhalango zonse 18 za boma ku California zinatsekedwa.

Chodabwitsa nchakuti m'malo ambiri, nkhuni zitaletsedwa, mbaula ya gasi wa propane imaloledwabe. Imeneyi ndi mbale yachitsulo yodzaza timiyala, yolumikizidwa ndi paipi ku botolo la gasi, ndipo anthu amaizungulira monga momwe amachitira ndi moto wa nkhuni. Kodi kusiyana kuli pati? Nkhuni zimathetheka, mbaliwali zake nkuuluka ndi mphepo kukagwera paudzu; makala ake amabisala m'phulusa, nkudzayakanso mwini moto atapita. Gasi alibe mbaliwali, sasiya makala, ndipo munthu akapotokola potsekera, lawi limazima pomwepo. Komabe mbaulayo ili ndi malamulo ake: iikidwe pamalo olambulidwa bwino, ndipo ku British Columbia, m'dziko la Canada, lawi lake lisapitirire masentimita 15.

Tsono tikuona kuti chimene lamulo likukana si kuotha, koma moto umene mwini wake sangathe kuuzimitsa pa nthawi imene wafuna.

Kuno kwathu mbaula zotere nzosowa, koma chilimwe tili nacho, ndipo paini wa ku Chikangawa ndi paphiri la Zomba wapsapo kambirimbiri. Inu osaka mbewa, ofula njuchi ndi otentha zinyalala m'minda, musanakhwatche machesi dzifunseni ngati moto umenewo mungauzimitse mphepo ikatembenuka. Ndipo pochoka thirani madzi, takasani phulusa, mulikhudze ndi dzanja kufikira litazizira.