Mawu a Mlendo Wolemekezeka pa Chionetsero cha Sayansi ku Bembeke

Kwazizira, choncho sinditalikitsa.

Poyendera matebulo ndinachedwa pa gulu limene lapanga kafani ka malata a chitini ndi masipoko a njinga. Kali pansi kamangogwedera. Mtsikana wina atakamangirira kunsonga ya nsungwi n'kukakweza, kanazungulira mpaka kulira. Anawa aona ndi maso awo chimene Ludwig Prandtl wa ku Germany anafotokoza mu 1904: mpweya ukamadutsa pa chinthu, umene wakhudzana nacho umakhulika, liwiro lake n'kuchepa. Mwera ukamawomba mu June, nsonga za mapaini zimawerama pamene masamba a kachewere m'munda akungotekeseka pang'ono.

Ndege nayonso imakutidwa ndi mpweya wofookawu thupi lonse, ndipo umanka nukhuthala chakumchira. Kuukoka kumadya mafuta. Injini amazipachika kunsi kwa mapiko, kutali ndi thupi, kuti zizimeza mpweya wobwera mofanana. Koma akatswiri anawerengera kuti injini itakhala kumbuyo, yomatirira kuthupi, n'kumameza mpweya wofookawo ndi kuukankha, mafuta angapulumuke. A NASA, bungwe la ku America loona za mlengalenga, amati 4 mpaka 8 pa 100 alionse. Kwa ndege youluka tsiku ndi tsiku, amenewo ndi mafuta ambiri zedi, ndiponso utsi wochepa kumwambaku.

Vuto linali pa fani ya injiniyo. Mpweya ukulowa mbali ina wothamanga, mbali ina waulesi. Phiko lililonse la fani limadutsa monsemo pozungulira kamodzi, likupindika n'kuwongoka, kambirimbiri pa sekondi imodzi. Nonse mumadziwa chimene chimachitika mukamapinda waya uku ndi uku. Papepala masamu anali bwino, koma ndani angakweze anthu m'ndege chifukwa cha pepala?

Ndiye a NASA anayesa. Chakumapeto kwa 2016, ku Glenn Research Center mumzinda wa Cleveland, anaika fani yopangidwa ndi United Technologies Research Center m'chimphanga chopemereramo mphepo cha mafiti 8 kwa 6. Pansi pa chimphangacho anapakweza dala kuti mpweya wofooka upangike monga umachitira pandege. Anasintha liwiro la mphepo, kusintha kukhuthala kwa mpweyawo, uku akuyeza kunjenjemera kwa mapiko. Kukonzekera kokhako kunatenga zaka. Fani inapirira. Ngakhale zili choncho, ndege zambiri zimene zikutera ku Kamuzu International Airport lero zikadali ndi injini kumapiko, chifukwa pa zamlengalenga kuyesa kamodzi sikukwana.

Wina afunsa kuti za ku America zikutikhudza bwanji ife olima kachewere. Yunivesite ya Virginia Tech, imene inathandiza pa kafukufuku wa faniyo, ndi yomwenso inagwirizana ndi UNICEF kutsegula African Drone and Data Academy ku Lilongwe mu January 2020. Ku Kasungu anatsegula dera loyeseramo ma drone mu June 2017. Achinyamata a kuno kwathu akumanga tindege ndi manja awo, ndipo ine ndikufuna mwana wa ku Bembeke akakhale pakati pawo.

Aphunzitsi, ndikupempheni: mwana asangoloweza. Mulekeni ayese, ayeze, alembe zimene wapeza, ngakhale kafani katathothoka phiko. Makolo, mtsikana akachedwa ku kalabu ya sayansi, madzi akatunge mlongo wake.

Inu a gulu la kafani, ndikusiyirani ntchito. Kaikeni pansi, kenako pa mita imodzi, kenako pa mamita atatu. Pakani penti phiko limodzi, muwerenge kuti likudutsa kangati pa mphindi, mulembe m'kope, mukaonetse aphunzitsi anu Lolemba.

Ndi mawu amenewa, chionetsero chathu ndachitsegulira.