KUGULA NYUMBA ZA LENDI M'DZINA LA KAMPANI YATSOPANO



Kuyambira 1996, pamene Boma linagulitsa nyumba za makhansulo kwa okhalamo, ndipo pambuyo pace ZCCM inagulitsa zace kwa anchito, anthu ambiri ku Kitwe, Mufulira ndi Chingola anaona kuti nyumba ibala ndarama mwezi ndi mwezi. Tsopano ena ati: tilembetse kampani, ikongole ku banki, igule nyumba za lendi, zinthu zikaipa, ngongole ndi ya kampani, si yathu ai.

Mbali yina ya mau awa ndi yoona. Lamulo la makampani la 2017 lilola anthu awiri kulembetsa kampani ku PACRA, ndipo kampaniyo iyesedwa munthu payokha: ikhoza kugula, kukongola ndi kuimbidwa mlandu m'dzina lace.

Koma kampani yobadwa dzulo iri ngati mlendo pamudzi, palibe wodziwa makhalidwe ace. Iribe mabuku a zaka zam'mbuyo oonetsa phindu. Cifukwa cace banki kawiri-kawiri ifuna zinthu zitatu. Coyamba, gawo la mtengo wa nyumba mulipire nokha. Caciwiri, kalata ya taitulo ikhale cikole. Cacitatu ndico colemera: eni kampani asaine kuti kampani ikalephera, adzalipira iwo. Mukasaina pamenepo, mau aja akuti "Limited" sakucinjirizaninso. Banki ikagulitsa nyumbayo ndarama n'kupelewera, zotsala idzazifuna kwa inu, ngakhale pa nyumba imene mugona ana anu.

Tiyerekeze kuti lendi ndi K3,000 pa mwezi, ndipo banki ifuna K2,800. Phindu la caka conse ndi K2,400. Wokhalamo akacoka, nyumba n'kukhala yopanda munthu miyezi iwiri, mwataya K6,000, ndilo phindu la zaka ziwiri ndi theka. Apo sitinawerenge malata odontha, msonkho wa khansulo, msonkho wa ZRA pa lendi, ndi ciongola dzanja cimene cikwera Bank of Zambia ikakweza cace. Kumbukiraninso kuti m'tauni ya mgodi lendi icokera ku mgodi. Mtengo wa mkuwa utagwa mu 2008, mgodi wa ku Luanshya unaima, anthu ambiri nasowa nchito. Koma banki siima kufuna zace.

Sitikuti kampani ndi yoipa. Ithandiza abale kusonkha ndarama pamodzi, ndi kulemba poyera gawo la munthu ali yense. Koma musanasaine, kafufuzeni ku Unduna wa Malo ngati taitulo iridi m'dzina la wogulitsa. Mapepala a banki awerengedwe ndi loya wanu, afotokoze malire a ngongole imene mulikuvomera kusenza. Sungani pambali ndarama zolipira banki miyezi ingapo. Ndipo mai a kunyumba amve zonse poyamba, pakuti denga mulikuika pa cikole ndi laonso.

Tsalani bwino.