Chikomekome cha Mkuyu Pamsika

 Nkhani yathu lero ndi ya ndalama zimene zimatithera m'manja pamene ife tikuyesa kuti tikuzisunga.

Tsiku lina ndinapita kumsika wa Limbuli, kufupi ndi malire a dziko lathu ndi Mozambique, kukagula nyemba basi. Mnyamata wina anandiimitsa nandionetsa kawailesi kokhala ndi tochi ndiponso tinyali tophethiraphethira. Anatchula mtengo, kenaka anautsitsa kawiri ine ndisanayankhe n'komwe. Ndinagula, ndikudzitama mumtima kuti ndachenjera. Patangotha milungu itatu kawailesi kaja kanangoti zii. Chochititsa manyazi n'chakuti kunyumba ndinali ndi wailesi ina yabwinobwino. Makolo athu sananame pamene anati chikomekome cha mkuyu, m'kati muli nyerere.

Omvera athu, chinthu chimene simunachifune n'chodula, ngakhale wogulitsa atachitsitsa motani. Ndipo chimene mukuchifunadi, mtengo wake muziuyesa ndi nthawi imene chidzakutumikireni.

Tiyeni tiwerengere limodzi monga tinkachitira kusukulu. Tiyerekeze kuti mayi wothyola tiyi akufuna jombo zogwirira ntchito m'mvula. Wapeza zina za K10,000 zimene zimang'ambika pa miyezi iwiri, ndi zina za K25,000 zimene zimatha chaka. Nyengo yothyola tiyi wambiri imayamba cha mu Disembala mpaka Epulo. Kuti aimalize, mayiyu adzagula jombo zotchipa katatu, ndiye kuti K30,000. Kodi zotchipa ndi ziti pamenepa?

Msampha wina ndi basela. Mwapita kukagula mtanda umodzi wa sopo, koma akuti mukagula itatu mulandira kapu yaulere. Kunyumba makapu alipo, koma mukutulutsa ndalama ya mchere ndi ya chigayo chifukwa cha kapuyo. N'chimodzimodzinso ndi bandulo yaikulu ya intaneti imene masiku ake amatha inu musanaimalize. Ichi chakoma, ichi chakoma, pusi anagwa chagada.

Kuno ku Mulanje nkhaniyi n'njofunika kwambiri chifukwa ndalama sizibwera mofanana chaka chonse. Mvula ikatha, tiyi saphukanso kwambiri, ntchito imachepa m'minda, ndipo aganyu ambiri amabwerera kumudzi. Mlimi wa nandolo nayenso amagwira ndalama zooneka kamodzi pachaka. Ogulitsa malonda amadziwa bwino tsiku la malipiro, n'chifukwa chake amayala katundu wonyezimira m'mbali mwa msewu tsiku lomwelo. Ndalama imene yapita ku zinthu zosafunika mu Marichi ndi yomwe banja lidzaisowe pogula mbewu mu Okutobala, kapena polipira fizi ya mwana. Ikasowa, ambiri amathamangira kwa akatapila, ndipo ngongoleyo imadya malipiro a mwezi wotsatira.

Mwina wina afunsa kuti, "Nanga tisungirenji ndalama pamene mitengo ikukwera tsiku ndi tsiku?" Funso limeneli n'lomveka. Mu Meyi 2022 mphamvu ya kwacha inatsitsidwa ndi 25 peresenti, ndipo mu Novembala 2023 inatsitsidwanso ndi 44 peresenti. Amene anakwirira ndalama pansi pa mphasa anataya zambiri. Komatu kukwera kwa mitengo si chifukwa chogulira chilichonse chimene maso aona. Gulani msanga zimene mukudziwa kuti mudzazifuna ndithu: feteleza, mbewu, malata, chimanga chodzadya nthawi ya njala, kapena mbuzi yoti iswe. Zotsala ikani ku banki m'khonde kapena kubanki.

Pogula mbewu ndi feteleza chenjerani koposa. Alipo anthu amene amapaka utoto chimanga wamba n'kumati ndi mbewu yamakono, ndi ena amene amasakaniza feteleza ndi mchenga. Wogula zimenezi amazindikira mochedwa, munda utakanika kale, chaka chonse chitapita. Gulani m'sitolo yodziwika ndipo musachoke opanda risiti. Pa zakudya za m'mapaketi yang'anani tsiku lothera ntchito ndi chizindikiro cha bungwe la Malawi Bureau of Standards.

Pomaliza, musananyamuke kupita kumsika, khalani pansi ndi akunyumba kwanu, lembani zofunika papepala, ndipo tengani ndalama yokwanira zimenezo zokha. Mukaona chinthu chokongola chimene sichili papepalapo, chisiyeni mukagone kaye. Ngati m'mawa mukuchifunabe, msika udzakhalaponso sabata yamawa.