Kukhulupirirana sikulowa m'malo mwa kuyezetsa magazi

Bungwe lathu lino la ku Johannesburg limadziwa kusonkha ndalama zotumizira maliro kumudzi. Lero ndikupempha kuti tikambeko zochepetsa malirowo. Nkhani yake ndi ya kuchipinda, ndipo ena anena kuti zotere sizikambidwa pamaso pa apongozi. Ulemu umenewo ndi wabwino, koma kachirombo ka HIV sikaopa apongozi, ndipo tonse muno ndife akuluakulu.

Kuyambira mu 1998, ofufuza akhala akucheza ndi anthu a m'midzi ya ku Rumphi, Mchinji ndi Balaka. Anapeza kuti anthu amadziwa bwino mmene kachiromboka kamafalikira. Povuta ndi pa mmene timaionera kondomu. Mu 2007 Agnes Chimbiri anaonetsa kuti m'banja kondomu imatengedwa ngati mlendo wolowerera, woyenera zibwenzi zamseri basi. Mu 2009 Iddo Tavory ndi Ann Swidler anapeza kuti kupatula zoti switi sadyera m'pepala, chibwenzi chikakhwima anthu amasiya kondomu pofuna kuonetsa chikondi. Ndiye kuti timadziteteza kwa munthu wachilendo, n'kutayirira kwa amene tamuzolowera, ngakhale magazi ake sitikuwadziwa. Kwa ife okhala miyezi yambiri kutali ndi mabanja athu, ngozi yagona pamenepo.

Wina ati ndikunyoza amuna a ku Joni. Ayi. Kafukufuku wa Mark Lurie wa mu 2003, wokhudza amuna a ku KwaZulu-Natal ogwira ntchito ku Carletonville ndi Richards Bay, anapezadi kuti amuna oyendawa anali ndi kachiromboka mochuluka pafupifupi kawiri kuposa okhala pakhomo. Koma m'mabanja omwe mmodzi yekha anali nako, pafupifupi m'banja limodzi mwa atatu alionse, amene anali nako anali mayi wotsala kumudzi. Kutalikirana kumayesa onse awiri, choncho kulozana zala n'kutaya nthawi. Wina ati kutchula zoyezetsa n'kuputa mkangano. Mkanganowo umabuka mmodzi akamakakamiza mnzake. Zikakhala mwambo wa aliyense wobwera kuulendo, palibe woganiziridwa zoipa. Winanso ati kuli bwino osadziwa, popeza akapezeka nako banja latha. Kafukufuku wa HPTN 052, amene anachitikanso ku Lilongwe ndi Blantyre, anaonetsa mu 2011 kuti kuyamba msanga ma ARV kunachepetsa kupatsirana m'banja ndi 96 pa 100 iliyonse. Wodziwa ndi kumwa mankhwala mwandondomeko amateteza mnzake kuposa wongoganiza kuti ali bwino. Tikumbukenso kuti ma ARV sateteza ku chindoko ndi chinzonono, choncho kondomu ikadali ndi ntchito.

Pempho langa ndi ili: tisanakwere basi ya Disembala, aliyense akayezetse. Tikafika kumudzi, tipite kuchipatala limodzi ndi akunyumba kwathu. Amene ali pa mankhwala atenge okwanira ulendo wonse, ndipo akomiti aziika chikumbutso chimenechi pa msonkhano uliwonse wa Novembala.